Thaulo Limodzi la Banja Lonse

Mayi a mapasa ankasita malaya a amuna awo pathebulo la pabalaza, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, pamene ana analowa kuchokera kusukulu. Mapasawo, Wamkulu ndi Wamng'ono, anapanikizana pakhomo, aliyense akufuna kuti nkhani iyambe kutuluka pakamwa pake. Kumbuyo kwawo kunali msuweni wawo, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, atagwira kapepala kopinda.

"Aphunzitsi akuti Kamphepo ali ndi chipere," anatero Wamkulu. "Akuti asabwerenso mpaka akaonane ndi achipatala."

Mayi anaimika simbi pambali n'kuwerenga kapepalako kawiri. Kenako anakokera mtsikanayo pawindo. Pamwamba pa khutu lamanzere panali kamalo kozungulira, kotuwa ngati pathiridwa phulusa, tsitsi litathothoka.

Kamphepo anali mwana wa mlongo wawo wa bambo a mapasa. Mayi ake anali atapeza ntchito kuhotela ina yakutali, kumene antchito amagona anayi m'chipinda chimodzi ndipo ana saloledwa. Ndiye anamusiya kwa amalume ake kuti amalize chaka cha sukulu. Panali patatha masabata asanu chibwerere. Dzina lakuti Kamphepo anamupatsa ndi mapasa, chifukwa ankayenda osamveka. Munthu unkangoona kuti mbale zatsukidwa kapena nsapato zaikidwa pamalo ake, koma woikayo osamuona.

Mayi a mapasa anatembenukira kwa anyamatawo. Anagwira mitu ya ana awo n'kuitembenuza uku ndi uku ngati akusankha mavwende pamsika. Wamkulu anali ndi timalo tiwiri kunkhongo. Wamng'ono anali ndi kamodzi pakati pa mutu. Anyamatawo anayamba kukangana kuti chachikulu n'chandani, ndipo Wamng'ono anadandaula kuti nthawi zonse mnzake amapatsidwa zambiri.

Mayi sanaseke. Nyumba yawo inkadziwika mumsewu wonsewo ndi ukhondo. Pansi pankawala moti mlendo ankavula nsapato asanauzidwe. Makatani ankachapidwa mwezi uliwonse. Matenda a pakhungu sakanabadwira m'nyumba ngati imeneyo, anatero mumtima mwawo. Ayenera kuti analowera pakhomo, m'chikwama cha mlendo.

Tsiku lomwelo anapatula kapu imodzi, mbale imodzi ndi supuni imodzi, n'kuzimanga kaulusi kofiira kuti zisasakanikirane ndi zina. Kamphepo anauzidwa kuti azidyera pakampando ka pakona. Mwanayo anangoti, "Chabwino, azakhali," n'kunyamula mbale yake.

Koma panali chinthu chimodzi chimene mayi sanachiganizire. Kuseri kwa chitseko cha bafa, pamsomali, pankakhala thaulo lalikulu labuluu, mphatso ya paukwati wawo. Linali lochindikala, lofewa, ndipo mayi ankalinyadira. Anthu onse asanu a m'nyumbamo ankapukutira lomwelo m'mawa uliwonse, kuyambira bambo mpaka Wamng'ono. Bafalo linalibe windo, koma kabowo kakang'ono m'mwamba. Thaulolo linkatuluka panja Loweruka lokha, pa tsiku lochapa, chifukwa mayi sankakonda kuti pachingwe pazilendewera zinthu mkati mwa sabata ngati panyumba pa anthu osalongosoka.

Tsiku limene Kamphepo anafika, anali ndi kathaulo kake koyera, kothetheka m'mphepete, kamene ankafuna kukayanika panja atasamba. Mayi anakatenga mwachikondi ndithu, n'kukapinda, n'kukaika pansi pa zovala m'kabati. Anamuuza kuti m'nyumba muno sitisankhana, chimene akupukutira asuweni ako ndi chimene upukutire iwenso.

Bambo a mapasa ankagwira ntchito yotsuka magalimoto. Tsiku lonse ankaima m'madzi a sopo atavala majombo a mphira, ndipo akafika kunyumba ntchito yawo yoyamba inali kukhala pakhonde, kuvula majombowo, ndi kukanda phazi lina ndi linzake maso atatsinzina. Mpomwe akazi awo anawapeza madzulo amenewo. Anawafotokozera zonse, n'kumaliza ndi mawu akuti mwanayo abwerere kwa mayi ake Lamlungu likubwerali.

Bambo anakumbutsa akazi awo kuti kumeneko ana saloledwa. Kumubweza kunali kuuza mlongo wawo kuti asiye ntchito imene anaifunafuna zaka ziwiri, kapena kuti mwana asiye sukulu pakati pa chaka.

"Ndiye ana anga athothoke mitu yonse chifukwa chochitira anthu chifundo?" anafunsa mayi.

Bambo sanali munthu wa makani. Anangopempha kuti adikire lidutse Loweruka. Popempherera chakudya anatchula ana onse atatu, mmodzimmodzi. Ameni wa mayi anali wamfupi.

Lachisanu mayi analongedza chikwama cha Kamphepo n'kuchiimika kuseri kwa chitseko. Mwanayo anachiona. Madzulo anachita zimene ankachita masiku onse chibwerere: anatenga majombo a amalume ake, kuwapukuta mkati, kufwinyamo mapepala a nyuzi zakale, n'kuwaika pamene pamadutsa mphepo. Masokosi onyowa anawachapa n'kuwayanika pawaya wa kuseri kwa nyumba. Palibe anamutuma. Bambo okha ndiwo ankadziwa, ndipo tsiku limenelo anamuyang'ana nthawi yaitali.

Loweruka m'mawa linali tsiku la ana a mumsewu wonse. Mapasa ali ndi zaka zitatu, bambo anagula makina ometera tsitsi kuti azimeta okha ana awo. Mwana wa nyumba yoyandikana anabwera kudzaonerera, nayenso anametedwa. Sabata yotsatira anabwera awiri. Tsopano pankakhala mzere wa ana khumi kapena kuposa, anyamata ndi atsikana, ndipo bambo sankalandira kanthu. Ankati ndicho chopereka chawo, popeza mawu oimbira kwaya Mulungu anawamana.

Kametedwe kawo kanali kachangu. Mwana ankakhala pampando, bambo n'kumukoleka chinsalu chimodzi chomwecho m'khosi, makina n'kulira. Akamaliza ankauzira makinawo kawiri, fuu, fuu, kuwagogoda pachikhatho, n'kuitana wotsatira. Pawindo tsiku limenelo panalinso kabotolo ka mafuta a mabuleki. Mnzawo wina wokonza magalimoto anawalumbirira kuti akapaka pachipere, chimauma masiku atatu. Bambo ankafuna kupaka ana awo akamaliza kumeta.

Ali pa mwana wachitatu, panafika anesi a nyumba yachitatu kuchokera pamenepo, amene ankagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Anabwera kudzabweza beseni limene anabwereka. Anaima kaye kuonerera, beseni lili m'chiuno.

"Achimwene, makinawo mumawatsuka ndi chiyani?" anafunsa.

"Ndi mpweya umene Mulungu anandipatsa, anesi. Sutha, ndipo ndi waulere."

Anesi anaseka mpaka anaika beseni pansi. Kenako anayenda pamzere wa anawo, akuweramitsa mutu uliwonse mofatsa ndi kufunsa ngati pamayabwa. Atafika kumapeto anapempha bambo kuti ayambe azimitsa makinawo. Pa ana khumi ndi mmodzi, asanu ndi mmodzi anali ndi chipere.

Anesi anakhala pampando wometerapo n'kufotokoza momveka, kuti ndi ana omwe amve. Anati chipere chimayamba ndi tizilombo totchedwa mafangasi, achibale a nkhungu imene imamera pabuledi wokhalitsa. Timakonda malo ofunda, onyowa ndi obisika. Sitiuluka ayi, timakwera pa zinthu: makina ometera, chipeso, chipewa, pilo, thaulo. Nthawi zina timachoka kwa mphaka kapena galu wothothoka ubweya. Kuuzira makina kumachotsa tsitsi looneka, koma tizilomboto timatsala m'mano a makinawo kudikira mutu wotsatira. Ataona kabotolo ka pawindo, anafunsa ntchito yake, ndipo atamva anakatenga n'kukapereka kwa bambo ndi manja awiri. Anati kabwerere kugalimoto, chifukwa pamutu pa mwana kamangootcha khungu n'kusiya chilonda, chipere chili chikhalire.

Mayi a mapasa anali atatuluka m'nyumba manja ali thovu. Anati zonsezo n'zomveka, koma m'nyumba mwawo munalibe vuto limeneli mpaka pamene kunabwera mlendo. Anayankhula motsitsa mawu, koma Kamphepo anali chapafupi, akusesa tsitsi pakhonde. Tsache linaima pang'ono, kenako linapitiriza.

Anesi sanatsutse. Anangofunsa ngati pali amene akukumbukira mmene mitu ya anawa inalili miyezi iwiri yapitayo. Bambo anati kukumbukira sangakumbukire, koma foni yawo imakumbukira. Loweruka lililonse ankajambula ana onse atafola, mitu ikuwala, n'kutumizira makolo awo. Anayamba kubwerera m'mbuyo ndi chala, sabata ndi sabata, mpaka anafika pa chithunzi chimene Kamphepo sanalipo, chojambulidwa masabata atatu iye asanabwere. Pachithunzicho Wamkulu anali atatembenuka kukankha mnzake. Kunkhongo kwake kunali kamalo kotuwa, kakang'ono ngati batani la malaya.

"Kameneko ndinakaona," anatero bambo akukanda mutu. "Ndinkati makina anadumpha."

Wamkulu anafuna kuona, ndipo atadziona anauza mng'ono wake kuti ngakhale pa chipere iye ndiye woyamba. Ana onse anaseka. Mayi ake anatenga foniyo n'kuyang'anitsitsa.

Anesi anawachenjeza kuti asachotse mlandu pa mwana mmodzi n'kuuika pa wina. Palibe angadziwe mutu umene unayamba, ndipo kudziwa sikuchiza munthu. Chofunika n'kutseka njira zimene tizilomboto timayendamo. Atatero anapempha madzi osamba m'manja, popeza anali atagwira mitu yambiri. Mayi anawapatsa sopo, n'kuthamangira kubafa kukatenga thaulo labwino kuposa onse m'nyumbamo, loyenera mlendo.

Anesi analigwira, kulifinya pang'ono, n'kulinunkhiza. Linali lozizira ndi chinyezi. Anafunsa kuti amapukutira anthu angati.

"Tonse asanu," anayankha mayi. "Kuno sitisankhana."

"Mtima umenewo ndi wabwino, achemwali, musausiye," anatero anesi. "Koma mwapatula kapu ndi mbale, zimene sizikanavuta mukazitsuka bwino, n'kusiya basi yeniyeni imene tizilomboti timakwera m'mawa uliwonse. Gawanani chakudya, gawanani nyimbo. Thaulo ndi chipeso, aliyense chake."

Anagwedeza manja awo mumphepo mpaka anauma. Kenako anatembenukira kwa bambo, amene nthawi yonseyo ankakanda phazi lamanzere ndi chala chachikulu cha phazi lamanja, n'kuwapempha kuti avule patapata. Bambo anakana, akuti mapazi a munthu wamkulu saonetsa pagulu. Ana anaimba m'manja kuwakakamiza mpaka anagonja. Pakati pa zala khungu linali loyera, lofewa, losendeka. Anesi anati amenewonso ndi mafangasi, a mtundu umene umakonda mapazi okhala m'nsapato zonyowa. Anadabwa kuti munthu woima m'madzi tsiku lonse sanafike pong'ambika mapazi, n'kufunsa ngati majombo awo amauma.

"Amauma chibwerere mwana uyu," anatero bambo, akuloza Kamphepo. "Amawaumitsa ndi iyeyu. Mayi ake anamuphunzitsa."

Apo mpamene mayi a mapasa anakumbukira kathaulo koyera kamene kanali pansi pa zovala m'kabati. Analowa m'nyumba ngati akukaona mphika, ngakhale pamoto panalibe kanthu.

Asanachoke, anesi anafotokoza za mankhwala. Chipere cha m'mutu sichitha ndi zopaka zokha, chifukwa chimalowa mpaka kumizu ya tsitsi. Chimafuna mankhwala akumwa ochokera kuchipatala, ndipo amamwedwa masabata angapo. Mwana azimwa mpaka tsiku limene achipatala anena, ngakhale mutu utaoneka kuti wachira. Akayamba kumwa akhoza kubwerera kusukulu. Mapazi a bambo ankafuna mankhwala opaka, komanso kupukuta bwino pakati pa zala ndi kuvala masokosi ouma tsiku lililonse. Anawonjezera kuti munthu wa matenda a shuga kapena amene thupi lake ndi lofooka asamazengereze akaona zoterezi, chifukwa kwa iye kanthu kakang'ono kamakula msanga. Kumeta kunaimitsidwa tsiku limenelo, ndipo bambo anayenda okha nyumba ndi nyumba kuuza makolo, akupepesa ndi kuseka nthawi imodzi.

Madzulo ake Kamphepo anapeza zovala zake zabwerera m'kabati ndipo chikwama chili pamwamba, chopanda kanthu. Kaulusi kofiira kanali katachoka pakapu. Mbale yake inali pathebulo, pakati pa mbale za asuweni ake. Pabedi pake panali kathaulo koyera kaja, kochapidwa ndi kusitidwa. Pa nthawi ya chakudya mayi anamuwonjezera chakudya m'mbale.

Lolemba m'mawa ana asanu ndi mmodzi a mumsewuwo, pamodzi ndi makolo awo, anadzaza benchi ya pachipatala, bambo a mapasa ali kumapeto ndi mapazi awo. Lachitatu Kamphepo anabwerera kusukulu atatenga kalata ya achipatala.

M'nyumbamo zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mayi anachapa thaulo lalikulu lija m'madzi otentha, kuliyanika padzuwa tsiku lathunthu, kenako anatenga sizasi n'kulidula panayi. Chidutswa chilichonse anachisoka m'mphepete ndi ulusi wa mtundu wakewake. Bambo atafika n'kuona anagwira kukamwa.

"Mayi a mapasa, ukwati wathu mwaudula panayi?"

"Ndauchulukitsa," anayankha mayi osakweza mutu. "Lanu ndi la ulusi wobiriwira. Ndipo la kumapazi ndi kansalu ako, musasakanize."

M'mawa uliwonse pachingwe pankalendewera matawulo asanu, anayi abuluu ndi kamodzi koyera. Poyamba mayi ankachita nawo manyazi, mpaka anaona kuti zingwe za nyumba zina nazonso zayamba kudzaza. Chitseko cha bafa chinkasiyidwa chotsegula anthu akatha kusamba kuti mulowe mphepo. Mwana aliyense anali ndi chipeso chake ndi pilo wake, ndipo nsalu za mapilo zinkachapidwa kawiri pa sabata. Chipewa chimodzi chimene mapasa ankalimbirana chinachapidwa n'kupatsidwa kwa Wamng'ono, amene ananena kuti aka n'koyamba chilungamo kuoneka m'nyumbamo. Bambo ankanyamula masokosi ena ouma m'thumba, kuti asinthe masana, ndipo Lamlungu majombo ankagona padzuwa kukamwa kuli m'mwamba. Mankhwala ana ankamwa pa nthawi ya chakudya, pemphero likangotha. Amene ankakumbutsa akaiwala anali Kamphepo.

Kumeta kunayambanso patapita mwezi. Tsopano mzere unkayenda pang'onopang'ono. Akamaliza mwana mmodzi, bambo ankachotsa tsitsi m'mano a makina ndi kabulashi, kupukuta ndi sipiriti, n'kudikira kuti aume. Mwana aliyense ankabwera ndi nsalu yake ya m'khosi. Amene anali ndi kamalo kokayikitsa sankametedwa, ankaperekezedwa kwa makolo ake kuti apite naye kuchipatala. Pakhoma bambo anakhomapo katoni imene analembapo ndi zilembo zikuluzikulu: "Chipere si tsoka ndiponso si mlandu wa munthu. Sambani, pukutani bwino, yanikani padzuwa. Thaulo, chipeso ndi chipewa, aliyense chake. Mukaona chizindikiro, pitani kuchipatala." Umenewo ndiwo unali uthenga wonse, ndipo ndi woona m'nyumba iliyonse: mafangasi amagonja kwa zizolowezi zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku, osati kwa kuloza chala.

Patatha miyezi iwiri tsitsi linali litamera pa mitu yonse, ndipo bambo ankavula majombo osakanda. Ndi nthawi imeneyo pamene mayi a Kamphepo anapeza masiku atatu opuma n'kubwera kudzaona mwana wawo. Anafika Loweruka masana, ana a mumsewu akadali pakhonde ndipo anesi atakhala pampando akucheza. Anakumbatira mwana wawo, kumusisita mutu, n'kumufunsa mmene wakhalira.

Kamphepo anafotokoza za sukulu, za mankhwala owawa, za mapazi a amalume ndi za thaulo lodulidwa panayi. Anati azakhali anamusitira kathaulo kake ndipo amamuikira chakudya chambiri kuposa anyamata. Za kaulusi kofiira, za kampando ka pakona ndi za chikwama cha kuseri kwa chitseko sanatchule. Mayi a mapasa anali chiimire pakhomo, akudikira kuti mwanayo afikepo. Sanafikepo.

Mlamu wawo anadzuka, kuwagwira dzanja ndi manja awiri, n'kuwathokoza chifukwa chosunga mwana wa mnzawo ngati wawo yemwe. Anati usiku ndi usana amawatchula m'mapemphero.

Mayi a mapasa anayang'ana pansi. Akanatha kungoti zikomo, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo palibe akanawatsutsa. Koma anamasula dzanja lawo, kupita pamene panali Kamphepo, n'kugwada pakhonde kuti maso awo alingane ndi ake. Makina a bambo anasiya kulira.

"Alamu, musandithokoze musanamve," anatero, mawu akumveka kwa onse. "Mwana uyu ndinamunamizira kuti ndiye anabweretsa matenda. Ndinamupatula mbale, ndinamulongedzera chikwama kuti abwerere, pamene iye ndi amene anabwera ndi nzeru m'nyumba muno, ine n'kuipinda n'kuibisa m'kabati. Mwana wanga, ndinakulakwira. Ndikhululukire."